Vuukani, Achemwali

Inu amene munakulira kumtunda, komwe njala ikavuta mumathamangira mango osakhwima, nyika simuidziwa. Sendererani kuno ndikuuzeni. Kumunsi kwa Nsanje, mtsinje wa Shire ukatsala pang'ono kutisiya n'kulowa ku Mozambiki, umatopa kuyenda m'khwawa limodzi. Umamwazika m'dambo la Ndindi. Kumeneko n'kwa bango ndi gumbwa, kwa tizilumba toyandama timene lero tili apa mawa tasamuka, ndi madzi oima odzaza ndi maluwa a kakombo. Pansi pa maluwawo, m'matope, mumakhala timizu tobulungira ngati mbatata yokwinimbira. Nyika ndi imeneyo. Munthu wokhuta sangaiyang'ane kawiri. Koma chaka chimene mapira apserera ndi dzuwa, ndiyo imalera ana. Vuto lake n'loti mundawo uli ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi ng'ona.

Amayi a m'mudzi umene ndikunenawu anali ndi kachitidwe kawo. Kokumba nyika sankapitako munthu mmodzi. Ankapita awiriawiri. Wina ankamira, wina ankatsala m'bwato ndi chibonga cha mtengo wa tsanya, n'kumagogoda m'mbali mwa bwatolo osalekeza. Gu. Gu. Gu. Ankati ng'ona siyandikira bwato limene likulira. Womirayo, ali pansi pomwe maso sathandiza kanthu, ankamva kugogodako m'mafupa mwake n'kudziwa kuti pamwamba pali bwino. Wogogoda akaona chilombo ankawirikiza mofulumira, ndipo womira ankataya zonse n'kuthawira m'bwato. Dengu likadzaza ankagogoda katatu, ndipo mnzake akatulutsa mutu kudzapuma ankamuuza kuti, "Vuukani, ndi nthawi yanga." Popanda chilombo, womira sankakwera m'bwato asanamve mawu amenewo, ngakhale atazizidwa chotani.

Dominga ndi mng'ono wake Luwiza ankamira pamodzi chiyambire utsikana wawo. Dominga anali ndi ana atatu, ndipo mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Luwiza anali wamasiye wa ana awiri. Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, mphika unali umodzi. Dominga anali wamtali, wa phwete losachedwa, munthu wosadziwa kukalipa. Luwiza akalakwa kapena akatupa, mkulu wakeyo ankangoviika zala m'madzi n'kumuwaza pankhongo. "Iwe Luwiza, ulipo?" Nkhani inkathera pomwepo.

Chaka china njala inaluma zenizeni. Nsomba zinalipo, koma zinali za amuna okhala ndi maukonde, ndipo zonse zinkakwera njinga kupita kumsika. Ana asanu aja anatha miyezi iwiri akudya nyika yophika ndi mchere basi. Wamng'ono wa Dominga tsitsi linayamba kufiira.

Tsiku lina mu Febuluwale, dzuwa lili paliwombo, Dominga anali pansi pa madzi, Luwiza akugogoda. Nkhwazi ziwiri zinkalimbirana nsomba m'mwamba, ndipo nsombayo inapulumuka n'kugwera pa masamba a kakombo, phwa! Unali mlamba waukulu ngati mkono, ukuphiriphitha pafupi pomwepo, poti nkhafi ikanatha kufika. Luwiza anauyang'ana. Anaona msuzi. Anaona ana asanu akunyambita zala. Anaika chibonga pansi n'kutola nkhafi.

Sanachedwe, ndikukuuzani. Munthu wonena Atate Wathu sakanafika n'pakati pomwe. Mlamba unalowa m'bwato, iye n'kutolanso chibonga. Gu. Gu. Gu.

Dominga sanatulutse mutu. Panalibe kukuwa, panalibe magazi. Masamba a kakombo anangoyamba kugwedezeka motsatana kulowera kubango, ngati wina akukoka mkeka pansi pake. Duwa limodzi linaweramira m'madzi pang'onopang'ono mpaka kumira. Kenaka dambo linakhala monga linalili, akakowa akudziyendera.

Luwiza anagogoda mpaka dzuwa kulowa. Anthu amene anamupeza anachita kumulanda chibongacho. Atamufunsa, anati, "Ndinkagogoda. Nthawi yonse ndinkagogoda." Mlamba uja anaufunditsa nyika m'dengu. Mawa lake, anthu ali pa maliro opanda mtembo, ana analira njala, ndipo iye anauphika kuseri kwa nyumba. Onse asanu anadya, ana a Dominga omwe, n'kunyambitadi zala monga anaonera. Iye sanalaweko.

Amuna anafufuza masiku atatu ndi mabwato ndi mikondo, kusuzumira m'mauna a pansi pa magombe momwe ng'ona zimabisa nyama. Sanapeze ngakhale kansanza. Amalume awo, a Zuze, anati, "Tidikire mwezi uoneke, mwina mtsinje ubweza kanthu. Ukapanda kutero tiika thunthu la nthochi. Iwe Luwiza, poti ndiwe unali naye, ndiwe udzalitengere pamalopo ukamuitane. Ndi mwambo wathu."

Maliro sadyedwa. Patatha sabata Luwiza anayenda khomo ndi khomo kufuna womugogodera, ndipo aliyense anali ndi chifukwa: uyu msana, uyu ali naye kale mnzake. Mai Alufandika, womira wakale amene misundu inamusiya miyendo yamawangamawanga, sanavutike n'kupeka chifukwa.

"Mwana iwe, ine ndagogoda zaka makumi atatu," anatero akusenda nyika osadzutsa mutu. "Ng'ona yogwira munthu pansi pa bwato lolira sindinaionepo."

Luwiza anabwerera kwawo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaganiza zopita yekha.

M'mawa mwake anapisa dzanja kudenga komwe anasomeka chibonga chija, poti mwina agogodeko asanalowe m'madzi. Chibonga panalibe. Anafunsa ana, onse anakana. Pakhomo, dothi linali lonyowa kadera kakang'ono, pomwe mvula inali isanagwe masiku khumi. Anati mwina ndi galu, n'kunyamula nkhafi.

Anaimika bwato kutali ndi malo aja. Anamanga chitenje zolimba, anadzilemba mtanda, n'kutsikira m'madzi. Zala zake zitangokhudza matope, anamva.

Gu. Gu. Gu.

Anavuuka akutsamwa. Bwato linali lokha, likugwedezeka pang'ono. Kumanzere bango, kumanja bango, munthu kunalibe. Nantchengwa yekha ndiye anaima pa chitsa, mutu chopendeka, akuyang'ana osati Luwiza koma pansi pa bwatolo. Luwiza anakwera m'bwatomo. Kenaka anayang'ana dengu lopanda kanthu, n'kutsikanso. Kugogoda kunayambiranso. Sikunkachokera m'kati mwa bwato. Kunkachokera kunsi kwake.

Anaudziwa mkonowo. Wogogoda aliyense ali ndi kamenyedwe kake, ndipo Dominga ankakonda kulemeretsa kachinayi kalikonse. Luwiza anati mumtima, mlandu suola. Abwera kudzandionetsa mmene ntchito yake imagwiridwira. Kugogoda kulikonse kunkamveka ngati kukunena kuti, chonchi, chonchi, chonchi. Ankamira maso ali tseke, poopa chimene angaone akatsegula.

Tsiku lachinayi kunadutsa msodzi wachilendo wa tsidya la Mozambiki, chipewa cha mlaza chitaphimba nkhope. Luwiza anali m'bwato akuchotsa misundu kumiyendo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu."

Mlendoyo anasiya kupalasa. "Nanga anzanuwo simuwakweza? Azizidwatu, taonani mmene agwirira bwatomo."

Luwiza sanacheuke. "Ndili ndekha, bambo."

Munthuyo anayang'ananso. Anavula chipewa pang'onopang'ono, n'kuchiika pachifuwa. Kenaka anakhotetsa bwato lake n'kupalasa ngati wakumbukira kuti wasiya moto panyumba.

Bwenzi Luwiza atalekera pomwepo, koma nanga ana akanadya mantha? Anapitirira. Ndipo m'sabata yachiwiri, ali pansi manja onse ali m'matope, kugogoda kunasintha mwadzidzidzi. Gugugugugu! Thupi linamvera mutu usanaganize. Anataya nyika, anadzikankha, n'kugwera m'bwato chamimba. Atadzutsa mutu anaona msana wa mabangamabanga ukudutsa pomwe iye anali, wautali ngati bwato lomwelo. Chilombocho chinazungulira kamodzi, chinafika pafupi, kenaka chinapatuka mwadzidzidzi ngati chakumana ndi mpanda.

Luwiza anakhala chigonere m'bwatomo, tsaya lili pathabwa. Pamenepo ndiye anamvetsa, ndipo kumvetsako kunapweteka kuposa mantha. Mkulu wake sanabwere ndi mlandu. Anabwera kudzagwira ntchito.

"Achemwali," ananong'oneza. "Ndinu?"

Madzi okha ankanyambita bwato.

Kuyambira tsiku limenelo madengu a Luwiza ankabwera odzaza. Ankamira m'malo amene amayi ena ankawaopa, komwe nyika inali isanakhudzidwe, ikuluikulu ngati mazira a tsekwe. Ina ankasinthanitsa ndi ufa. Ana anayambanso kusewera panja. Iye ankayankhula ali m'bwato, kufotokoza za kumudzi: kuti wamkulu wathothoka dzino, kuti wamng'ono tsitsi layambanso kuda. Kunena zoona, masiku amenewo anali osangalatsa. Anali ndi mkulu wake.

Mwezi unaoneka. A Zuze anabwera ndi chikwanje m'manja.

"Luwiza, nthochi ija ndaisankha. Mawa tidule."

Luwiza anagwada, maso ali pansi. "Amalume, tidikireko pang'ono. Mapira ache kaye. Anthu obwera pa maliro tiwapatsa chiyani?"

A Zuze anayang'ana nyika yoyanikidwa pabwalo, mikeka itatu yodzaza. Anayang'ananso Luwiza nthawi yaitali.

"Mapira ali kutali, mwanawe."

"Ndikudziwa, amalume."

A Zuze anabwerera ndi chikwanje chawo. Musamuweruze msanga Luwiza, inu amene simunagonekepo mwana ndi madzi ofunda okha. Ankadziwa kuti thunthu likalowa m'manda bwato likhala chete, ndipo ng'ona za ku Ndindi siziwerenga kuti uyu ali ndi ana angati. Komabe akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.

Choyamba kusintha chinali kachinayi kaja. Kanasiya kulemera. Kenaka pakati pa kugogoda panayamba kulowa mpata. Gu. Gu. Mpata wautali woti munthu n'kupuma kawiri. Gu. Luwiza ankadziuza kuti ndi makutu ake.

Ndiye asodzi obwera chakumadzulo anayamba kudandaula kuti bwato la Luwiza likulira lokha padooko, lili chimangire. Amayi anasiya kuchapa pamenepo. Agalu ankafika pamtunda n'kukhala pansi, osatsikira kumadzi. Tsiku lina dzuwa likulowa Luwiza anapita kukamvera yekha. Linkaliradi, motsitsa, mwaulesi, ngati munthu wosinja amene manja atha mphamvu koma sanauzidwe kuti aleke. Anagwada n'kuika khutu pathabwa. Kuseri kwa kugogodako kunali kaphokoso kena kakang'ono, kosalekeza. Anakadziwa. Dominga akakhalitsa m'madzi, mano ake ankagwegwedera choncho.

"Wamva?"

Anali mai Alufandika, ataima kumbuyo kwake ndi mtsuko wopanda madzi.

"Sindikufunsa zimene zinachitika tsiku lija," anatero mayiwo. "Zimenezo n'zako ndi Mulungu wako. Ndikufunsa chimodzi chokha. Womira uja unamuuza kuti avuuke?"

Luwiza anakumbukira. Tsiku lija anagogoda mpaka mdima, anakuwa, anaitana dzina. Koma katatu kaja sanagogode, ndipo mawu aja sananene. Anawerenga ndi zala. Masabata asanu ndi awiri. Iye mwini akakhala m'madzimo theka la tsiku, zala zinkakwinyika, msana n'kuuma ngati thabwa.

"Mayi, akapita, ine ndimira bwanji? Ana aja..."

"Sindikudziwa," anatero mai Alufandika. "Koma uja watopa."

Mapira anali atatsala masabata atatu kuti ache. Luwiza anapita kwa a Zuze madzulo omwewo.

A Zuze anadula thunthu lalitali ngati mwini wake, analikulunga m'chitenje cha Dominga cha maluwa achikasu, n'kulimanga mumkeka. M'mamawa, nkhungu ili thoo padambo, analigoneka kumbuyo kwa bwato. A Zuze anamugwira phewa.

"Ukamuitana, usacheuke. Chilichonse ungamve, usacheuke mpaka bwato litakhudza mchenga. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Anapalasa yekha. Atsekwe ankadzuka m'bango osaoneka, mapiko okha kumveka. Kugogoda kunkamutsata pansi pa mapazi ake, kofooka. Atafika pamalo aja, amene anali asanapondepo chichokereni, anaika nkhafi pamiyendo. Maluwa a kakombo anali asanatsegule.

"Achemwali," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Ndisanakuitaneni, mumve kaye. Tsiku lija ndinasiya kugogoda. Unali mlamba, nkhwazi inaugwetsa. Ndinaika chibonga pansi chifukwa cha mlamba. Ana anadya, anu omwe. Anthu ndinawanamiza."

Kugogoda kunaleka.

"Ndipo nditadziwa kuti ndinu, ndinakusungani m'madzimo dala. Amalume anabwera, ine ndinawabweza. Ndinkamva kuti mwatopa, koma ndinkadzigonthetsa. Choyambacho inali njala, achemwali. Chachiwirichi ndinachita ndikudziwa."

Dambo lonse linali zii. Luwiza anakunga chibakera n'kumenya m'mbali mwa bwato. Gu. Gu. Gu. Kenaka ananena mawu aja.

"Vuukani, achemwali. Ndi nthawi yanga."

Kwa kanthawi sikunachitike kanthu. Kenaka bwato linapendekera kumanzere, pang'onopang'ono, monga limachitira munthu akaika zigongono m'mbali. Linapendeka mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa, n'kubwerera. Kumbuyo kwake madzi ankachucha pathabwa. Fungo la matope a pansi linadzaza m'bwato. Ndiye panamveka kuusa moyo kwakutali, kwa munthu amene wakhala pansi atagwira ntchito tsiku lonse.

Khosi la Luwiza linkafuna kutembenuka lokha. Analuma mlomo mpaka kulawa magazi, n'kutola nkhafi. Bwato linali lolemera, lolemera mmene linkalemerera kale pobwerera kumudzi. Mvuu ina inatulutsa maso pafupi, inayang'ana, n'kumira mwakachetechete osafwenthera n'komwe. Anapalasa. Mano aja ankagwegwederabe kumbuyo kwake, koma dzuwa litayamba kuboola nkhungu anacheperachepera mpaka kuleka.

Migwalangwa ya padooko itayamba kuoneka, Luwiza anazindikira kuti palibe chimene wayankhidwa. Mtima unamuwawa. Anati n'zoyenera, ndani angakhululuke zotere? Pomwepo anamva kumbuyo kwake zala zikuviikidwa m'madzi, chubwi. Timadontho tozizira tinamugwera pankhongo.

Nkhafi inatsala pang'ono kumupulumuka. Anayankha funso limene silinamveke.

"Ndilipo, achemwali."

Bwato linakhudza mchenga, ndipo anacheuka. Munali thunthu lokha, mkeka wake uli chonyowa ngati wavuulidwa kumene. Pambali pake panali chibonga cha tsanya, chakuda, choterera ndi ndere. Ndipo m'dengu, lomwe linapita lopanda kanthu, munali nyika yodzaza manja awiri, matope ake akadali aawisi.

Amuna awiri anayesa kunyamula mkekawo, analephera. Ananyamula anayi, osayang'anana. Anamuika Dominga pafupi ndi amayi ake, pamtunda pomwe madzi osefukira safika. Amayi a m'mudzi analira mpaka mawu kusasa, koma Luwiza anangokhala duu, maso ouma, ndipo ena anang'ung'udza kuti mtima wake ndi wamwala. Madzulo anaphika nyika ija n'kugawira ana asanu. Ulendo uno nayenso anadyako.

M'mawa mwake anatsikira kudooko. Bwato linali lopepuka, likungoseweretsedwa ndi mphepo. Anapalasa mpaka kudambo, anamanga chitenje, anadzilemba mtanda n'kutsika, pakuti mapira anali asanache ndipo ana anali asanu. Anamira choncho masiku awiri. Lachitatu anapeza mai Alufandika atakhala kale m'bwato, chibonga chili pamiyendo, akuyang'ana kutali ngati munthu wongodikira basi. Luwiza anakwera n'kutola nkhafi.

Luwiza anakalamba, anawalera onse asanu. Mlamba sanaudyenso. Ndipo wina akamufunsa chifukwa chimene sanalirire pa maliro a mkulu wake, ankayamba wasisita pankhongo.

"Ndinalira," ankatero. "Kumanda ayi. Ndinalira mawa lake, pansi pa madzi, zala zitakhudza matope. Ndinatchera khutu, osamva kanthu."